Kuchokera Kukuka Kupita Kumphala: Mbiri ya Kaleredwe ka Mkulu ndi Mng'ono Wake

Mnyamata wobadwa m'midzi ya Achewa ya ku Dowa, Ntchisi, Dedza kapena Kasungu zaka 100 zapitazo ankasamuka kawiri asanamere ndevu, ndipo misamuko yonse iwiri inkachitika m'mudzi womwewo. Ankachoka pamphasa ya mayi ake kupita kukuka kwa agogo ake aakazi, kenako n'kuchoka kukuka kupita kumphala, nyumba yogona anyamata okhaokha. Amene ankamuchotsa pamphasa ya mayi anali mng'ono wake wopondana naye, akadali m'mimba. Choncho chibale cha anyamata awiri a bere limodzi chinkayamba ndi kulandana malo. Makolo akale ankalidziwa vutoli, ndipo mbali yaikulu ya mwambo wa kaleredwe inakonzedwa kuti awiriwa asadzakule akuonana ndi diso lofiira.

Ntchitoyi inkayamba wamng'onoyo asanaganiziridwe n'komwe. Mwana akabadwa, mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo bambo ndi mayi ankadika, osakhalira malo amodzi, kufikira mwambo wotenga mwana utachitika patapita miyezi ingapo. Wophwanya lamuloli ankanenedwa kuti wadula mwana, ndipo mdulo kapena tsempho unkaopedwa kuposa mlandu wa pabwalo. Ngakhale mwana atatengedwa, mayi ankayamwitsabe zaka ziwiri kapena kuposerapo. Kutumbiza, kutenga pathupi wina akadali kubere, chinali chinthu chamanyazi chimene chinkaitanitsa anamkungwi ndi ankhoswe, ndipo wodzudzulidwa kwambiri ankakhala mwamuna. Achipatala a lero amafotokoza matendawo mwanjira ina, koma zimene amayi akale ankaona ndi maso awo zinali zoona: mwana wochotsedwa kubere msanga, n'kumangomwa phala lamadzimadzi la ufa woyera, ankatupa masaya ndi mapazi, tsitsi n'kufiira, mapeto ake maliro. Ana ankamwalira ambiri zedi. Ngakhale mu 1992, zipatala ndi katemera zitafika kale m'maboma onse, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mpata wa zaka zitatu pakati pa mkulu ndi mng'ono ndiwo unkapulumutsa wamkuluyo.

Tsiku losiya kuyamwa likafika, agogo ndiwo ankalowererapo. Ankamunyamula mwanayo kupita naye kukuka, kumene ankapeza asuweni ndi abale ake ena a msinkhu womwewo atadzaza pamphasa. Kulira kwa masiku oyamba kunkathera m'manja mwa munthu amene analerapo ana ambiri ndipo sankapupuluma. Agogo aakazi ankamutcha mdzukuluyo "mwamuna wanga", kumusungira mkute wam'mawa, kumuotchera mbatata paphulusa, kumukazingira chimanga. Zimene mwana sakanatha kunena pamaso pa bambo ake ankazinena momasuka kukuka, poti pakati pa gogo ndi mdzukulu pamaloledwa nthabwala. Usiku moto ukazilala pankamveka "Padangotelo!", ana onse n'kuvomera "Tili tonse!", ndipo m'nthano zimenezo munkadzaza ana amasiye, alongo ndi abale: wina waulesi, wina wakhama, wina womana, wina wopatsa. Pamene khanda linkabadwa kunyumba kwa mayi, wamkulu uja anali atapeza kale kwake, ndipo ankabwera kudzaona mng'ono wake ngati munthu amene ali ndi pogona pake.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamudetsa nkhawa mayi wobereka anyamata okhaokha. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja mtundu umayenda kuchikazi, ndipo mwana wamwamuna akakula amakakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake. Ana ake amakhala a kuchikazi. Mayi wopanda mwana wamkazi ankadziwa kuti mbumba yake ithera pa iye, ndipo ukalamba wake udzadalira ana a achemwali ake. Vuto lina linali la tsiku ndi tsiku: panalibe mtsikana woti akhale mlezi. Zikatero mnyamata wamkulu, wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndiye ankamangiriridwa khanda kumsana mayi akapita kumunda kapena kumtondo. Ankamumwetsa phala, kumuingira nkhuku, kumutonthoza mpaka mayi atabwera. Amuna ambiri amene anadzakhala mafumu aulemu anayamba udindo wawo atabereka mng'ono wawo kumbuyo.

Mano a ubwana akayamba kuguluka, mnyamata ankayamba kuchita manyazi kugona kwa agogo pamodzi ndi atsikana. Anzake ankamuseka. Ndiye tsiku lina ankangonyamula kamphasa kake ulendo wa kumphala, kapena kuti kugowero.

Mphala inkamangidwa ndi anyamata eni ake, kawirikawiri chakumphepete kwa mudzi, ndipo munalibe munthu wamkulu wogonamo. Lamulo lake linali msinkhu. Wobwera kumene ankatola nkhuni, kukapala moto kunyumba zapafupi, kusesa, kutumidwa usiku ngakhale kunja kukulira fisi, ndipo ankagona chakukhomo kumene kumalowera mphepo. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a Gomani ku Ntcheu ndi a M'mbelwa ku Mzimba m'zaka za m'ma 1930, analongosola zofanana ndi zimenezi m'buku lake la 1959 la Children of Their Fathers. Kwa Angoni nyumbayi inkatchedwa laweni, mnyamata ankalowamo mano achiwiri akamera, ndipo aang'ono ankatumikira aakulu pophunzira kumvera ndi kupirira. Kusiyana kunali koti Angoni amatsata kuchimuna, choncho gogo wolamulira za kusiyitsa bere anali mayi wa bambo, ndipo anyamatawo ankakula akudziwa kuti khola la ng'ombe zimene akuweta lidzakhala lawo.

M'mphala ndi mmene wamng'ono ankadziwira ubwino ndi kuwawa kokhala ndi mkulu. Mnyamata wolowa yekha, wopanda m'bale, ankazunzika kufikira atapeza womuikira kumbuyo. Wokhala ndi mkulu wake ankapeza chofunda chogawana ndiponso nkhonya yomuteteza. Koma mkulu yemweyo ndiye ankayamba kumutuma, kumulanda nzimbe, kumupatsa khofi pamutu akachedwa. Wamng'ono akathawira kwa mayi akulira, nthawi zambiri ankabwezedwa komweko, chifukwa za kumphala zinkathera kumphala. Mayi ankalowererapo pokhapokha magazi atatuluka, ndipo pamenepo wofunsidwa anali wamkulu: unali kuti mphwako pamene amamenyedwa?

Usana wawo unkathera kutchire ndi kudambo. Ankaweta mbuzi, ndipo kumene kunali ng'ombe ankapita nazo kudambo mame akauma. Mapira akayamba kucha ankaingitsa mbalame, chimanga chikakhwima ankalonda anyani. Ankaumba ng'ombe zadothi n'kumazimenyanitsa, ankasema nguli, ankatchera madiwa, ankapaka ulimbo patimitengo ta m'mbali mwa chitsime. Nyengo yokondedwa koposa inali ya pambuyo pa kukolola, minda ikayera. Anyamata ankatenga makasu kukakumba mbewa, ndipo ntchito inkagawidwa mwa msinkhu: wamkulu akukumba una, wamng'ono wagwira chibonga akudikirira potulukira. Mbewa ikapulumuka, wolakwa ankadziwikiratu. Madzulo, pogawana, wamkulu ndiye ankawerenga, ndipo anyamata onse ankaonerera ngati wamupatsa mphwake gawo loyenera. Nyengo yomweyo ndiyo ya masanje, pamene ana ankamanga timisasa kunja kwa mudzi n'kumasewera banja, atsikana akuphika zotsalira za m'munda, anyamata akubweretsa ndiwo za mbewa, ziwala ndi mbalame. Akuluakulu ankaoneka ngati sakusamala, koma ankadziwa mwana aliyense amene wabwera chimanjamanja ndi amene wadya yekha kutchire.

Pambale ya nsima ndi pamene mwambowu unkaonekera bwino kwambiri, ndipo mbali imeneyi ikadalipo m'mabanja ambiri. Wamng'ono ankabweretsa madzi osamba m'manja, wamkulu n'kuyamba kusamba. Wamkulu ndiye ankayamba kutema nsima ndi kutapa ndiwo, ndipo wamng'ono sankathamangira nthuli. Koma wamkulu yemweyo ankayenera kuyamba kusiya, kuti mbamu yotsiriza ndi msuzi wotsala zikhale za wamng'ono, amenenso ankachotsa mbale. Ulemu unkapita kumwamba, chakudya n'kutsikira pansi. Mkulu womaliza mbale yonse psiti mng'ono wake akuyang'ana ankadzudzulidwa kwambiri kuposa mng'ono wosamba m'manja asanasambe akulu. Apa makolo anaganiza mozama, chifukwa ukulu umene mwana ankaphunzira unali ndi mtengo wake tsiku lililonse.

Nanga bambo anali kuti? Analipo, ndipo si zoona kuti mkamwini analibe gawo pa ana ake. Ndiye ankaphunzitsa anyamata kusema mpini, kuluka nkhokwe, kufolera denga, kusoka mphasa ndi kugwira khasu. Koma mwana akapalamula, mbuzi zikadya mmera wa eni, mlandu unkapita kwa malume, atsibweni, amene ndi mwini mbumba. Mwana akadwala kwambiri, malume ndiye ankauzidwa. Kumeta, kukwatira, maliro, zonse zinkadikira mawu ake. Anyamata awiri aja ankakula akuona amalume awo, wamkulu ndi wamng'ono, akubwera kuchokera kumene anakwatira kudzakonza nkhani za alongo awo, ndipo ankadziwa kuti mawa ntchito imeneyo idzakhala yawo. Mudzi unkalera anyamata awiri ukudziwa kuti ukulera ankhoswe awiri a mbumba imodzi.

Apa ndi pamene panagona chifukwa chenicheni cha malamulo onse aja. Mbumba imodzi ikhoza kukhala ndi ankhoswe angapo, koma mwini wake amakhala mmodzi. Ufumu sunkapita kwa mwana wa mfumu. Unkapita kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa mlongo wake, ndipo amayi aakulu a mbumba anali ndi mawu amphamvu posankha. Wachisamba wankhanza kapena womana akanatha kudumphidwa, wamng'ono wofatsa n'kulowa dzina. Amayi amene ankasankhawo ndi omwe aja ankaonerera kagawidwe ka mbewa ndi kadyedwe ka nsima zaka makumi atatu m'mbuyomo.

Mbiri ya Amaravi ili ndi chitsanzo chachikulu cha zimene zimachitika abale akalephera kumvana. Mbiri yapakamwa imati Undi anali m'bale wake wa Kalonga, ndipo atasemphana pa nkhani ya ufumu anachoka kulikulu la Amaravi, kumwera chakumadzulo kwa nyanja, n'kukakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili ku Mozambique. Pochoka anatenga Nyangu ndi amayi ena a banja lachifumu. Sanafunikire kulanda mpando, poti anatenga amayi obereka olowa pampandowo. Mpando wa Kalonga Gawa Undi lero uli ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a mayiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba. Zimene zinachitika kubanja lachifumu zinkachitikanso m'timidzi ting'onoting'ono. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza midzi ya Ayao kumwera kwa dziko lino kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kulemba buku la The Yao Village mu 1956, anapeza kuti midzi yambiri yatsopano inkabadwa pamene mwamuna wakangana ndi mkulu wake kapena malume ake, n'kutenga alongo omutsatira kukamanga pena. Max Marwick, pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, anapeza kuti kunenerana ufiti kunkachuluka pakati pa abale a kuchikazi. Akale ankati chibale ndi fupa, sichiola, koma ankadziwanso kuti mkangano wa pachibale ndiwo umapasula mudzi. N'chifukwa chake nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene John Gwengwe anailemba kukhala buku lowerengedwa m'sukulu, inkagwira mtima ana ambiri: abale awiri apita kutali kukagwira ntchito, pobwerera Gwenembe apha Sikusinja chifukwa cha nsanje ya katundu, ndipo kambalame kaulula zonse kumudzi.

Panalinso nyengo ina imene inkawalekanitsa awiriwa kwa kanthawi. Wamkulu akagula njira, kupita kudambwe ndi phungu wake, ankabwerako munthu wina. Dzina lake la ubwana linkatha, ndipo kumuitana nalo kunali kumunyoza. Anali ndi zinsinsi zimene sakanauza mphwake ngakhale akufunda bulangete limodzi. Gule wamkulu akatuluka, wamng'ono ankathawa pamodzi ndi amayi, mkulu wake ali pabwalo. Kwa Ayao zinali chimodzimodzi ndi jando ndi ndagala m'miyezi yozizira. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu wamng'ono ankakhala ndi ludzu lofuna kufika pamene pafika mnzake, ndipo nthawi yake ikakwana, mkuluyo ankakhala m'gulu la omutsogolera.

Dongosolo limeneli silinagwe tsiku limodzi. Linaphwasulidwa pang'onopang'ono, ndipo woyamba kuligwedeza anali belu la sukulu. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo sukulu za m'midzi zinafalikira m'dziko la Achewa. Sukulu inkafuna mnyamata pa msinkhu womwe ubusa ndi dambwe zinkamufuna. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa amishoni ndi a gule unakula: amishoni ankadandaula kuboma la atsamunda kuti gule akukokolola ana m'makalasi, pamene a gule anayamba kumeta anyamata akadali aang'ono kuti sukulu isawapeze. Boma silinavomere kuletseratu gule. M'nyumba zambiri nkhaniyi inathera pogawa ana: wina kusukulu, wina kumbuzi. Sukulu itayamba kufuna ndalama, kugawako kunakhazikika, ndipo kawirikawiri wosankha anali malume wolipira. Zotsatira zake zinatembenuza mwambo wa pambale uja. Mng'ono wodziwa kulemba ankakhala kalaliki kapena mphunzitsi wovala nsapato, mkulu wake akadali ndi khasu paphewa. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anajambula bwino nyengo yosinthayi m'buku la Nthondo, limene linapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa mu 1933. Bukuli limatsata mnyamata wa kumudzi kuyambira kubadwa, ubwana wake wopulupudza, ulendo wake wokagwira ntchito kunja, mpaka kubwerera kudzakhala mfumu ndi Mkhristu.

Chachiwiri chinali msonkho. Msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, unkafuna ndalama zimene mudzi unalibe, ndipo amuna anauyamba ulendo wa pansi wopita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Mu 1935 komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa kuti ifufuze nkhaniyi inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse amphamvu zawo. Ambiri anakhala matchona, osabwereranso. Opitawo anali abambo, komanso anali amalume, choncho mwana ankataya onse awiri nthawi imodzi. Chibale chinasamukira pamsewu: wamkulu ankatsogola, akapeza malo n'kulemba kalata yoitana mng'ono wake. Ngakhale Hastings Kamuzu Banda, atayenda pansi kuchoka ku Kasungu cha m'ma 1915, anakakhala ku Hartley pamodzi ndi malume ake a Hanock Msokera Phiri, ndipo awiriwa anapitira limodzi ku South Africa. Kumudzi kunatsala amayi, agogo ndi anyamata a m'mphala, ndipo mnyamata wa zaka 12 ankapezeka akufolera nyumba ya mayi ake. Pa njala ya 1949, monga analembera Megan Vaughan za midzi yozungulira Blantyre, amuna ambiri anachoka kuchikamwini kupita kwawo kapena kukasaka chakudya osabwereranso, ana n'kutsala m'manja mwa amayi okha. Ulendo wa kumigodi unapitirira mpaka mu Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu. Unayambiranso pang'ono mu 1977 pansi pa bungwe la Teba, n'kudzatheratu mu 1988.

Fodya naye anachita mbali yake mwakachetechete. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene ulimi wa fodya unakula ku Lilongwe ndi ku Dowa ndipo boma linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, mwamuna wolima fodya ankafuna munda wakewake ndi manja a ana ake. Sankafuna kumanga chigafa pamalo a apongozi pamene akhoza kuthamangitsidwa banja likatha. Chitengwa, kutengera mkazi kumudzi kwa mwamuna, chinayamba kuchuluka. Katswiri wa mbiri Kings Phiri analemba mu 1983 kuti ulimi wa ndalama, Chikhristu ndi kukhala pafupi ndi Angoni zinakweza mphamvu za bambo pa ana ake, za malume n'kumatsika. Bambo amene walipira fizi ndi ndalama ya fodya wake sakanavomeranso kuti mlamu wake ndiye mwini wa anawo.

Tauni inamalizitsa. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Chinsapo, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ilibe kuka ndipo ilibe mphala. Anyamata amayala pabalaza makolo akalowa kuchipinda, ndipo a mwayi amasamukira kuboyizikota akasinkhuka. Dambo linalowedwa m'malo ndi kabwalo ka fumbi ka mpira wachikulunga, ng'ombe zadothi zinasanduka magalimoto a mawaya, nthano za agogo zinapikisana ndi wailesi, kenako mavidiyo a pamsika, lero foni. Zina zinapulumuka: yunifolomu ya wamkulu imatsikirabe kwa wamng'ono, nsapato chimodzimodzi, ndipo wamkulu ndiye amagwira dzanja la mphwake podumpha msewu popita kusukulu. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale, ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kwa nthawi yoyamba mabanja osauka sanakakamizike kusankha mnyamata mmodzi pa awiri, ngakhale kusankhako kunangosunthira kusekondale.

Zaka zomwezo zinabweretsa mayeso owawa kuposa onse. Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko lino mu 1985, inatenga anthu a msinkhu wobereka: bambo, mayi, malume, azakhali. Mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, agogo ambiri anabwerera ku ntchito ya kukuka opanda wowalimira, ndipo m'nyumba zina munatsala ana okhaokha. Anyamata a zaka 14 kapena 15 anasiya sukulu n'kuyamba ganyu, kugulitsa majumbo kapena kupalasa kabaza kuti ang'ono awo aphunzire. Alipo lero aphunzitsi, anamwino ndi maloya amene anafika pamenepo chifukwa mkulu wawo analekeza Sitandade 7. Nthawi yomweyo mwambo wa umalume unaipitsidwa ndi anthu olanda chuma cha masiye, amene ankabwera pamaliro kudzatenga malata ndi mipando koma osatenga ana. Malamulo anayankha: lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 linaika udindo wolera pa makolo onse awiri, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, n'kupanga kulanda chumacho kukhala mlandu. Malamulowa anali ofunika ndipo anachedwa. Koma atatseka khomo kwa malume wolanda, malume wolera naye anapeza chifukwa chokhalira patali.

Banja lenilenilo lachepa. Boma linavomereza ndondomeko ya kulera mu 1982, ndipo chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi amabereka chinatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016, imfa za ana osakwana zaka zisanu n'kutsika kufika pa 63 pa ana 1,000 alionse. M'matauni muli mabanja ambiri amene anyamata awiri ndiwo ana onse a m'nyumba, ndipo mayi wawo sadandaulanso za mbumba monga akanachitira agogo ake. Ana awiriwa ali ndi thanzi, chakudya ndi maphunziro zimene anyamata a m'mphala sankazilota. Palibe chifukwa cholirira mphala yeniyeniyo, chifukwa munali nsabwe, njala, kuba nkhuku ndi nkhanza zimene palibe wamkulu ankaziona. Chimene chatayika ndi kuchuluka kwa anthu amene anali ndi ufulu ndi udindo pa mnyamata. Kale ankadutsa m'manja mwa mayi, gogo, anzake a m'mphala, bambo, malume ndi phungu. Lero ntchito yonseyo yagwera anthu awiri amene amachoka m'mawa kukasaka ndalama ndi kubwera dzuwa litalowa, ndipo nthawi zambiri yagwera mayi yekha. Atsikana akadali ndi alangizi kumpingo ndi azakhali owaitanira kuchipinda. Anyamata ambiri a m'tauni alibe aliyense wotero.

Pa onse amene ankathandiza kulera, amene watsala m'nyumba ndi mkulu uja, ndipo akusenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Mawu oti "iwe ndiwe wamkulu" amamugwera mbale ikasweka, mng'ono akagwa, homuweki ikapanda kulembedwa, pamene iye mwini ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha. Kale mawu amenewa ankabwera ndi ulemu wake, ndiponso pamwamba pa mwanayo pankakhala anthu ena omuyang'anira ndi kumumvera madandaulo. Amalume amene muli ndi ana a alongo anu ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Mchesi, musadikire ukwati kapena maliro kuti mukaonekere. Tchuthi chikubwerachi aitaneni onse awiri, mukhale nawo masabata angapo, mudye nawo mbale imodzi, ndipo wamkuluyo mumufunse payekha mmene zinthu zikumuyendera.